Funsani Akatswiri: Ma QR code mazanamazana kuchokera mu Excel

Ndine mlembi wa bungwe la alimi a mbatata ya kachewere ku Ulongué. Tili ndi mamembala 480 ndipo mayina awo onse ali mu Excel. Tikufuna aliyense akhale ndi khadi la QR code (kachithunzi ka timabokosi takuda ndi toyera kowerengedwa ndi kamera ya foni) loonetsa polandira mbewu ndi feteleza. Kodi ndipange imodziimodzi pa intaneti mpaka onse akwane?

Ayi a mlembi, imodziimodzi mungagonere pomwepo, ndipo pofika munthu wa nambala 200 mudzakhala mutasokoneza kale makhadi awiri kapena atatu. Word ya pa Windows, kuyambira ya 2013 kupita m'tsogolo, imatha kujambula ma QR code onsewo nthawi imodzi popanda intaneti. Koma musanatsegule Word, yambani mwaganiza chimene chilowe m'kati mwa code.

Ambiri amathiramo zonse: dzina, mudzi, nambala ya BI (chiphaso cha unzika), nambala ya foni, kukula kwa munda. Ife tikuti musatero. QR code si chinsinsi, foni iliyonse imaiwerenga, choncho khadi likagwa pamsika wa ku Domué wolitola adziwa zonse za mwini wake. Komanso zolemba zikachuluka timabokosi takuda tija timachepa n'kupanikizana. Code yaing'ono kwambiri ili ndi timabokosi 21 m'litali ndi 21 m'lifupi, ndipo imakula powonjezera tinayi mbali iliyonse mpaka kufika 177. Pa khadi laling'ono, code yodzaza imavuta kuwerenga ndi kamera za mafoni otsika mtengo amene ambirife tili nawo. Ndiye ikanimo nambala ya membala yokha, monga ANG0137, ya zilembo zazikulu ndi manambala basi. Zina zonse zikhale mu kompyuta ya bungwe.

Nambalayo mupanga motere. Mu kolamu A, kuyambira pa A2, lembani 1, 2, 3 mpaka 480. Mu B2 lembani ="ANG"&TEXT(A2,"0000") ndi kukokera pansi. Ngati Excel yanu ili m'Chipwitikizi, monga zilili m'maofesi ambiri kuno, mulemba ="ANG"&TEXTO(A2;"0000"), chifukwa imafuna semicolon (;) pamene ya Chingelezi imafuna chizindikiro cha koma (,). Mukatha, koperani kolamu B yonse ndi kuimata pomwepo ngati Values, kuti fomula ichoke patsale manambala okha. Mukapanda kutero, tsiku lina wina akadzakhudza kolamu A manambala adzasintha, ndipo khadi la mayi wa ku Mpenha lidzayamba kuloza dzina la munthu wina. Mutu wa kolamu ukhale mawu amodzi opanda mpata, monga Nambala. Sungani faelo ndi kutseka Excel.

Mu Word pitani pa Mailings, Start Mail Merge, Labels, musankhe pepala la zomata limene muli nalo. Lodziwika ndi la A4 la zomata 24, chilichonse cha 70 mm ndi 37 mm, kutanthauza kuti anthu 480 akwana pa mapepala 20. Kenako Select Recipients, Use an Existing List, muloze faelo ya Excel ija. Pa chomata choyamba dinani Ctrl ndi F9 pamodzi. Patuluka mabulaketi opindika, ndipo m'kati mwake mulemba:

MERGEBARCODE Nambala QR \q 3 \s 70

Mabulaketiwo musawalembe ndi dzanja pa kiyibodi, Word siwazindikira. Gawo la \q 3 likuuza Word kuti igwiritse chitetezo chapamwamba choti code iwerengekebe ngakhale itawonongeka pang'ono, pamene \s 70 ndi kukula kwa code, ndipo mungakweze kapena kutsitsa nambalayo mpaka ikwane bwino. Pambali pake ikani dzina ndi nambala yomweyo m'zilembo zooneka ndi maso kudzera pa Insert Merge Field, kuti tsiku limene foni yatha moto ntchito isaime. Dinani Update Labels, kenako Finish & Merge, Edit Individual Documents. Sindikizani tsamba limodzi lokha pa pepala wamba, muliyese ndi mafoni awiri kapena atatu osiyana, musanawononge zomata.

Mnzanga anandipatsa fomula ya Google Sheets imene inkatulutsa ma code, koma tsopano mabokosi onse ali mbee. Chavuta n'chiyani? Mphunzitsi, Furancungo

Yang'anani ngati mu fomulamo muli mawu oti chart.googleapis.com. Imeneyo inali njira yakale ya Google imene inatsekedwa, ndipo palibe chimene mungakonze mbali yanu. Fomula imene ikugwira ntchito ndi yonga iyi:

=IMAGE("https://api.qrserver.com/v1/create-qr-code/?size=300x300&data="&ENCODEURL(B2))

Kulitsani mizere kuti zithunzi zioneke. ENCODEURL musaisiye. Popanda iyo, chizindikiro cha & chimadula uthenga pakati, cha # chimataya zonse zotsatira, ndipo + wa pa +258 amasanduka mpata.

Dziwaninso, aphunzitsi, kuti njirayi imatumiza zimene zili mu B2 ku kompyuta ya kampani ina kunja, mzere uliwonse paokha. Ngati ndi manambala chabe palibe vuto, koma mayina a ana a sukulu ndi masiku awo obadwa asadutse kumeneko. Ndipo zithunzizo zimadalira netiweki. Pamene netiweki ikudukaduka, mizere ina imatsala yopanda kanthu, munthu n'kusindikiza osaona. Mukafuna makhadi oposa makumi angapo, njira ya Word ija ndiyo yodalirika.

Ndinasunga mndandanda ngati CSV (faelo ya mawu ndi manambala okha) kuti ndiulowetse mu pulogalamu yopangira ma code. Powerenga ndapeza kuti manambala ena ataya ziro wa kutsogolo, ena asanduka 1,23E+11, ndipo dzina la João latuluka ngati zilembo zachilendo. Kodi pulogalamuyo ndi yabodza? Wogwira ntchito m'sitolo, Moatize

Pulogalamuyo yajambula chimene munaipatsa. Zonse zitatu zinawonongekera mu Excel code isanapangidwe, ndipo apa ndi pamene ntchito zambiri zotere zimafera.

Excel ikaona manambala okhaokha imaganiza kuti ndi owerengera, choncho 00452 imamusandutsa 452. Nambala ikafika manambala 12 imaionetsa mwachidule ngati 1,23E+11, ndipo posunga CSV imalemba chidulecho m'malo mwa nambala yeniyeni. Choipa koposa n'chakuti Excel imasunga manambala 15 okha. Nambala ya manambala 16 kapena kuposa, monga zija zolembedwa pa SIM khadi, kumapeto kwake kumasanduka maziro, ndipo zotayikazo sizibwereranso ngakhale mutasintha bwanji pambuyo pake. Mankhwala ake ndi kusankha kolamu yonse, kuiika pa Text, kenako n'kuyamba kulemba kapena kumata manambala. Mukasintha mutalemba kale, mwatseka khola mbuzi zitatuluka. Komanso CSV yokonzeka musaitsegule podina kawiri, chifukwa Excel idzadyanso maziro aja. Ioneni mu Notepad.

Za João, vuto ndi mtundu wa CSV. Posunga sankhani CSV UTF-8, osati CSV wamba. Zilembo za ã, ç, ó ndi è, zimene zadzaza m'mayina athu ngati Angónia ndi Zóbuè, zimasokonekera pulogalamu ikayembekezera UTF-8 koma n'kulandira mtundu wakale wa Windows. Chilembo chathu cha ŵ ndiye mu mtundu wakalewo mulibiretu, chimangotayika.

Pali kachinayi kamene simunakatchule koma mukumana nako. Kompyuta yoikidwa pa Chipwitikizi imalekanitsa makolamu a CSV ndi semicolon, pamene mapulogalamu ambiri amayembekezera chizindikiro cha koma. Zikatero mzere wonse umalowa mu code imodzi ngati chinthu chimodzi. Tsegulani faelo mu Notepad, muone chimene chili pakati pa mawu, ndipo muuze pulogalamuyo chizindikiro chomwecho.

Musanapange code iliyonse, sesani mndandanda. TRIM imachotsa mipata yobisika kumapeto kwa mawu, imene maso saona koma kompyuta imaiwerenga, moti ANG0137 yokhala ndi mpata ndi ANG0137 yopanda mpata kwa iyo ndi anthu awiri. Ndipo =COUNTIF(B:B,B2) ikatulutsa nambala yoposa 1, ndiye kuti nambala imeneyo mwaipereka kawiri.

Tinasindikiza zomata za matumba a soya, koma zina zikuwerengeka, zina ayi. Kodi kukula koyenera ndi kotani? Woyang'anira nkhokwe, Tsangano

Yambani ndi m'mphepete. Code imafuna malo oyera kuzungulira mbali zonse zinayi, otakata ngati timabokosi tinayi. Anthu ambiri amadula ndi sizasi mpaka pa mzere wakuda, kapena amayandikiza chizindikiro cha bungwe, ndipo foni imalephera kuona pamene code yayambira. Code ya timabokosi 21 pamodzi ndi malo oyerawo imakhala 29, ndiye kabokosi kalikonse kakakhala 0,7 mm zonse zikwana pa masentimita awiri. Pa khadi la m'manja zimenezo n'zokwanira. Pa thumba limene munthu aliwerenga ataima patali, tsatirani lamulo la amisiri loti mtunda wowerengera ukhale pafupifupi kakhumi kukula kwa code: masentimita 5 awerengeka bwino pa theka la mita.

Chitetezo chili pa milingo inayi, L, M, Q ndi H, imene imatha kubwezeretsa pafupifupi 7, 15, 25 ndi 30 pa 100 ya code ikawonongeka. Pa matumba okhuzika ndi kudetsedwa sankhani H. Koma chitetezocho sichithandiza ngati pang'ambika pa mabokosi atatu akuluakulu a m'makona, chifukwa ndi amene kamera imayamba kufunafuna.

Kwinako ndi inki ndi pepala. Inki ya madzi imayenderera chinyezi cha ku mapiri kwanuko chikaigwira, choncho sindikizani ndi makina a toner. Zomata za pepala lotentha, longa la malisiti, zimafufuma kapena kuda zikakhala padzuwa, ndipo thumba likatsikira ku Tete mu Okutobala simudzapezapo kanthu. Musamate pa msoko kapena pamene thumba lapindika. Mukalamineta makhadi, pulasitiki yonyezimira imabweza kuwala masana, ndiye wowerenga aime pamthunzi ndi kupendeketsa khadi pang'ono. Ndipo posindikiza onetsetsani kuti makina ali pa 100%, osati Fit to page, apo ayi ma code adzasemphana ndi zomata pofika kumunsi kwa tsamba. Mitundu yokongola isiyeni, zakuda pa zoyera basi.

Ma code amene tinapanga pa webusaiti yaulere anagwira ntchito masiku ochepa, tsopano akutsegula tsamba lotiuza kuti tilipire. Tingawatsitsimutse? Mwini malo ogona alendo, mumzinda wa Tete

Amene munapangawo m'kati mwake mulibe uthenga wanu. Muli adiresi yaifupi ya kampaniyo, imene imakulozerani kwanu pokhapokha ngati mwalipira. Code yeniyeni siitha ntchito, chifukwa uthenga uli m'timabokosi momwemo, ndipo Denso Wave ya ku Japan, imene inayambitsa QR code mu 1994, silipiritsa munthu poigwiritsa ntchito. Zosindikizidwa kalezo simungazisinthe, musankhe kulipira kapena kupanga zina. Popanga zina, werengani imodzi ndi foni muone mawu amene atuluke musanawadine. Akakhala adiresi imene simunalembe inuyo, chokanipo.

Makhadi tapanga. Nanga tsiku logawa tidziwa bwanji amene walandira kale? Msungichuma wa gulu la amayi, Calómuè

Mayi, funso lanu ndi limene ambiri amalikumbukira makhadi atagawidwa kale. Code payokha siikumbuka kanthu, imangonena nambala. Pafunika chinthu cholemba nambala iliyonse imene yawerengedwa.

Ngati muli ndi laputopu, gulani kachipangizo kowerengera ma code ka USB, koma kakhale ka 2D, chifukwa kaja kotulutsa mzere umodzi wofiira kamawerenga ma barcode a mizeremizere okha. Kowerengerako kamagwira ntchito ngati kiyibodi: mukaloza khadi, nambala imalembeka mu bokosi limene mwaima mu Excel n'kutsikira pa mzere wotsatira. Tsegulani tsamba latsopano, manambala azilowa mu kolamu A. Mu B ikani VLOOKUP, imene m'Chipwitikizi ndi PROCV, kuti ikoke dzina kuchokera pa mndandanda waukulu, ndipo kumapeto kwa fomulayo muike 0 kuti ifune nambala yofanana ndendende. Mu C ikani COUNTIF, ndipo ikaonetsa 2 ndiye kuti khadi limenelo labwera kachiwiri. Dzina limene latuluka muliyerekeze ndi BI ya munthuyo, popeza khadi la QR limajambulika pa fotokope ngati pepala lina lililonse.

Nachi chifukwa chake mu nambala ija ya ANG0137 sitinaikemo kamzere pakati. Zowerengera zambiri zimabwera zitaikidwa pa kiyibodi ya ku America, ndipo pa kompyuta ya kiyibodi ya Chipwitikizi kamzereko kamatuluka ngati apostrophe, PROCV n'kukana munthu amene ali pa mndandanda. Ngati makhadi anu ali nako kale, m'kabuku kobwera ndi kowerengerako muli code yosinthira chinenero cha kiyibodi, muiwerenge kamodzi ndipo zitheka.

Opanda laputopu agwiritse foni ya Android yokhala ndi pulogalamu yosunga zonse zimene yawerenga, monga Binary Eye, imene siifuna netiweki ndipo imatulutsa mndandandawo ngati CSV. Kuipa kwake n'kwakuti wobwera kawiri mudzamudziwa madzulo poyerekeza mindandanda, feteleza atapita kale. Choncho pa njira ya foniyi pakhalenso munthu wachiwiri wokhala ndi mndandanda wa papepala wosanjidwa motsatira manambala, azichonga aliyense akamalandira.