Digiri ya magalimoto a mpikisano: yankho kwa mnyamata wa ku Zomba

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Zomba amene wangotenga zotsatira zake za MSCE. Akuti masamu ndi fizikisi anakhoza bwino, ndipo Formula 1 anayamba kuonera ali Fomu 2, pa DStv ya kwa amalume ake. Funso lake ndi ili: "Ndikufuna kudzagwira ntchito yopanga magalimoto a mpikisano. Ndaona kuti ku England kuli digiri yotchedwa Motorsport Engineering. Kodi kuno kwathu iliponso? Ngati kulibe, ndingakafike bwanji kumeneko? Makolo anga akundiseka kuti ndikufuna kukhala makaniko wa digiri."

Achimwene, zikomo polemba. Kuno kwathu kulibe yunivesite yopereka digiri ya dzina limenelo. Koma musataye mtima, chifukwa langizo langa ndi lakuti dzinalo musalithamangire n'komwe. Yambani ndi uinjiniya wa makina kapena wa magetsi, muudziwe mpaka m'mafupa, za mpikisanozo mudzaziwonjezere pamwamba. Ndifotokoza chifukwa chake.

Tiyambe ndi nthabwala ya makolo anu ija. M'timu ya Formula 1 amakaniko alimo, ndipo ndi akatswiri oopsa: a McLaren anasintha matayala onse anayi m'masekondi 1.80 ku Qatar mu 2023. Koma injiniya sipanala saigwira kawirikawiri. Ntchito yake imakhala chonchi. Woyendetsa wanena pa wailesi kuti akafika pokhota, kutsogolo kwa galimoto kukukana kutembenuka. Injiniya ali pa kompyuta akuyang'ana mizere ingapo yoyenda pamodzi: liwiro, mphamvu imene woyendetsa waponda pa buleki, mmene wapotolera chiwongolero, ndi kutentha kwa tayala lililonse, mkati, pakati ndi kunja. Pa mphindi zochepa ayenera kusankha: kodi tipendeketse phiko la kutsogolo pang'ono, tichepetse mpweya m'matayala, kapena tifewetse masipuling'i? Ndipo chilichonse chimene angasankhe chimawononga china. Phiko likapendekeka kwambiri, galimoto imakakamira pansi pokhota koma imachedwa pamsewu wowongoka. Kutsogolo kukagwira bwino, kumbuyo kumayamba kuterera. Kuti munthu asankhe mwanzeru pamenepo, ayenera kudziwa masamu a kayendedwe ka mpweya, kutentha, ndi kulimba kwa zipangizo. Komanso amene amafika ku bwalo la mpikisano ndi ochepa chabe. Matimu akuluakulu ali ndi antchito pafupifupi chikwi, ndipo ambiri a iwo amakhala ku fakitale chaka chonse, wina akulimbana ndi kachidutswa kamodzi ka phiko kwa miyezi.

Tsono zaka zoyambirira za digiri ya Motorsport Engineering n'zofanana kwambiri ndi za uinjiniya wa makina wamba: masamu, kayendedwe ka madzi ndi mpweya, za kutentha, za zitsulo, kujambula zida pa kompyuta. Kusiyana kumabwera chakumapeto, pamene amalowa mozama mu za matayala, mapiko, injini ndi kuwerenga manambala ochokera m'galimoto. Ndiye mukuona kuti maziko ake mungawapeze ku MUBAS ku Blantyre, imene makolo anu amaidziwa ndi dzina la Poly. Ku MUST ku Thyolo kulinso maphunziro a zitsulo ndi zipangizo, omwe m'mpikisano ndi nkhani yaikulu.

Anthu awiri a kuno kummwera kwa Africa akundichitira umboni. Gordon Murray anabadwira ku Durban mu 1946, anaphunzira uinjiniya wa makina ku Natal Technical College, ndipo ali komweko anadzipangira galimoto yake n'kumapikisana nayo. Anapita ku England mu 1969, nalembedwa ntchito ku timu ya Formula 1 ya Brabham, ndipo magalimoto ake ndi amene Nelson Piquet anapambanira ukatswiri wa dziko lonse mu 1981 ndi 1983. Winayo ndi Rory Byrne wa ku Pretoria, amene digiri yake ya ku Wits inali ya kemisitiri. Ameneyu ndiye anajambula magalimoto amene Michael Schumacher anapambanira ku Benetton mu 1994 ndi 1995, kenaka ku Ferrari kuyambira 2000 mpaka 2004. Ngakhale Adrian Newey, katswiri wojambula magalimoto a Formula 1 amene inu mukumudziwa bwino, anaphunzira za ndege ku Southampton n'kumaliza mu 1980. Wina anganene kuti izo zinali kale, pamene digiri ya mpikisanoyi kunalibe, ndipo akunena zoona: lero khomo lachepa ndipo olimbirana achuluka. Komabe matimu akulembabe anthu a makina, a ndege, a magetsi ndi a kompyuta, osafunsa kuti bwanji pa satifiketi palibe mawu akuti motorsport.

Palinso chifukwa china chimene mnyamata wa zaka zanu safuna kumva. Si onse oyamba ulendowu amafika. Ngati zitavuta n'kubwerera kumudzi, digiri ya makina ikutsegulirani khomo ku fakitale ya shuga ku Nchalo kapena ku Dwangwa, ku EGENCO, ku migodi, kwina kulikonse kumene kuli makina ozungulira. Digiri ya mpikisano nayo ndi uinjiniya weniweni, koma mudzatopa kumafotokozera bwana aliyense kuti simunangophunzira zothamangitsa magalimoto.

Nanga bwanji aliyense amaloza ku England? Chifukwa matimu ambiri ali moyandikana m'dera limene amalitcha Motorsport Valley. Mercedes ili ku Brackley ndipo injini zake amapangira ku Brixworth, Red Bull ili ku Milton Keynes, Williams ku Grove, Alpine ku Enstone, Aston Martin ku Silverstone, McLaren chakummwera ku Woking. Ferrari yokha ndi anzake ochepa ndiwo ali kutali, iyo ku Maranello ku Italy. Masukulu ngati Oxford Brookes, Coventry ndi Cranfield ali pakati pa mafakitale amenewa, choncho wophunzira amatha kupeza chaka choyeserera ntchito m'timu kapena m'kampani yopanga zida zawo. Ubwino weniweni wa masukuluwa ndi umenewo, kuyandikira. Dziwaninso kuti Cranfield silandira oyamba kumene, imaphunzitsa okhawo amene ali kale ndi digiri yoyamba. Kwa Mmalawi ngati inu, zimenezo zikusonyeza kale njira.

Chinthu chimene olemba ntchito kumeneko amafunsa kwambiri ndi Formula Student. Uwu ndi mpikisano wa ophunzira umene unayamba ku America mu 1981 ndi dzina la Formula SAE, ndipo ku Britain unafika mu 1998. Masiku ano umachitikira ku Silverstone. Ophunzira amajambula ndi kupanga okha kagalimoto ka munthu mmodzi. Ngati ndi ka petulo, mpweya wonse wolowa mu injini uyenera kudutsa pa kabowo ka mamilimita 20 basi, kuti pasakhale wopambana chifukwa chogula injini yaikulu. Amayesa kuthamanga pa mamita 75, kuzungulira njira yooneka ngati nambala 8, ndi ulendo wa makilomita 22 umene magalimoto ambiri amafera panjira, wina waya wathothoka, wina injini yatentha. Koma asanalowe n'komwe pabwalo, oweruza, omwe ambiri ndi mainjiniya a m'makampani, amaimirira pafupi ndi galimotoyo n'kumaloza chida chimodzichimodzi: ichi munachipanga chonchi chifukwa chiyani, chinadya ndalama zingati, mukanachichepetsa kulemera chikanathyoka pati? Wophunzira amene wayankhapo mafunso otere amaoneka kusiyana kwake pofunsidwa ntchito. Phunziro kwa inu n'lakuti muzikhala ndi chinthu chimene munapanga ndi manja anu, chomwe mungachifotokoze ndi manambala. Kangolo ka injini ya njinga yamoto kopangidwa ndi anzanu anayi ku MUBAS, kokhala ndi zojambula ndi masamu ake, kamalankhula kuposa kalata yonena kuti mumakonda Formula 1.

Tsopano ndalama, pamene maloto ambiri amagwera. Mayunivesite a ku Britain nthawi zambiri satenga munthu ndi MSCE yokha. Amafuna A-level, ngati ija amalemba ku Kamuzu Academy ndi ku St Andrew's, kapena chaka chokonzekera chimene amalipiritsanso. Fizi ya wophunzira wochokera kunja imapitirira mapaundi 15,000 pa chaka, osawerengera nyumba ndi chakudya, ndipo digiri yoyamba ndi zaka zitatu kapena zinayi. Thandizo la digiri yoyamba ndi losowa kwambiri. La digiri yachiwiri, imene kumeneko imatenga chaka chimodzi, ndiye liliko: Chevening, Commonwealth, komanso Beit Trust imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Koma werengani malamulo ake bwinobwino. Chevening imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndiponso kuti mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri. Onsewa amafuna kumva kuti maphunzirowo adzapindulira bwanji dziko lanu, ndiye kungolemba kuti mukufuna ntchito ku Red Bull n'kudzitsekera nokha. Malamulo a visa yogwirira ntchito nawo amasinthasintha, mudzawafufuze nthawi yakeyo ikadzafika.

Musaganizenso kuti kumeneko ndalama amachita kuyola. Kuyambira 2021 matimu anaikiridwa malire a ndalama zogwiritsa ntchito, poyamba madola 145 miliyoni pa chaka. Malipiro a oyendetsa ali kunja kwa malirewo, koma a mainjiniya wamba ali mkati. Maola ndi aatali, ndipo ambiri amakhalako chifukwa cha chikondi pa ntchitoyo.

Mpikisano si Formula 1 yokha. Toyota Hilux imene Nasser Al-Attiyah anapambanira mpikisano wa m'chipululu wa Dakar mu 2019 inapangidwa ku South Africa, kufupi ndi bwalo la mpikisano la Kyalami. M'dziko lomwelo muli Sasol Solar Challenge, kumene ophunzira a m'mayunivesite amapikisana ndi magalimoto oyendera dzuwa. Kwa anansi athu ku Zambia kuli mpikisano wa magalimoto a m'misewu ya fumbi umene unatchukitsa Satwant Singh, ndipo Safari Rally ya ku Kenya inabwerera mu mpikisano wa dziko lonse mu 2021. Kumeneku n'kofikirika pa basi, ndipo matimu ang'onoang'ono amapatsa munthu mpata wogwira zinthu zambiri nthawi imodzi.

Pa fomu ya NCHE yosankhira maphunziro a ku yunivesite, ine ndikanaika uinjiniya wa makina poyamba, wa magetsi pachiwiri, ndipo wachiwiriyo musamuderere. Malamulo a 2026 akweza mphamvu ya mota ya magetsi m'galimoto za Formula 1 kufika pa makilowati 350, pafupifupi theka la mphamvu yonse, ndiye odziwa za mabatire akufunidwa. Pa holide pitani ku galaja, mukapemphe kuthandiza ngakhale osalipidwa, muphunzire kuwotcherera ndi kumasula giyabokosi, kuti mukadzajambula chida muzidziwa ngati dzanja la munthu lingalowepo ndi sipanala.

Ndipo pali ntchito imene mungayambe mwezi uno ngati mungabwereke laputopu. Phunzirani Python, chinenero cholembera mapulogalamu a pa kompyuta, muikemo pulogalamu yaulere yotchedwa FastF1, imene imakoka manambala enieni a mipikisano. Sankhani oyendetsa awiri a timu imodzi, mutenge ulendo wothamanga kwambiri wa aliyense pa tsiku lolimbirana malo oyambira, mujambule liwiro lawo pa chithunzi chimodzi. Kenaka pezani pokhota pamene mmodzi anatayira nthawi, ndipo mulembe tsamba limodzi lofotokoza ngati anaponda buleki msanga kapena anachedwa kuponda mafuta potuluka. Mukamaliza munditumizire pa imelo yomweyi, tidzakambirane.