Mapangano a malonda ndi mpunga wa mayi a ku Chawama

Mayi ena a ku Chawama andilembera imelo. Akuti amakapikula mpunga wa Kilombero ku Malawi n'kudzagulitsa kuno ku Lusaka, ndiye akufunsa kuti ngati maiko athu anagwirizana zochotsa msonkho, nanga ndalama zimene amasiya pa boda n'zachiyani?

Amayi, mwandikhudza pachilonda. Ine ndinaleredwa ndi zitenje. Malemu azakhali anga ankayenda usiku ndi zikwama zikuluzikulu, kugona pakhonde la sitolo podikira kuti pa boda patsegulidwe, n'kubwerako miyendo itatupa. Akafika ankakhala pamphasa n'kumawerengera: iyi ya basi, iyi ya msonkho, iyi ya mnyamata wonyamula katundu, iyi "ya fanta" ya munthu amene sankamutchula dzina. Fizi yanga inkachokera pa zotsalazo. Tsiku lina anawalanda katundu yense chifukwa cha pepala limene sanalimvepo n'kale lonse, ndipo mwezi umenewo tinadya nsima ya chiwawa mpaka kuchikana.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti pangano lochotsa msonkho la COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, linakhazikitsidwa muno mu Lusaka, mu October 2000, ndipo likulu lake lili pa Ben Bella Road pompa. Koma pitani ku COMESA Market mukafunse amayi ogulitsa ngati alipo amene anaitanidwako kukanena maganizo.

Sindikuti okambirana mapanganowa ndi aulesi. Ntchito yawo ndi yolimba. Dziko lililonse limalowa m'chipindamo likufuna kugulitsa kwa anzake koma kwawo kukhale kotseka. Mkangano waukulu umakhala pa funso lakuti katunduyu kwawo n'kuti. Mafuta ophikira ochokera ku Asia amene angothiridwa m'mabotolo kuno, kodi ndi a Zambia? Lamulo limodzi la COMESA limati ntchito yochitikira m'dziko mwanu ifike 35 peresenti ya mtengo wopangira katunduyo. Pa manambala oterewa anthu amakanganirana zaka.

Ndipo mantha awo ali ndi pochokera. M'zaka za m'ma 1990 tinatsegula zitseko mopupuluma, salaula n'kudzaza misika, mafakitale a nsalu n'kuyamba kugwa. Anthu a ku Kabwe akudziwa zimene zinaonekera fakitale ya nsalu ya Mulungushi Textiles. Inenso salaula ndimavala, musandiyang'ane choncho.

Komabe ndinene mosapsatira: boma limene limasaina pangano masana n'kutseka boda usiku likunamiza anthu ake. Chilala cha 2024 chitavuta, Zambia inaletsa kutulutsa chimanga. Mu 2025 Malawi inaletsa katundu wina wakunja, Tanzania n'kubwezera, nthochi ndi zina n'kumaonongeka pa boda ya Songwe. Nduna zikamadzagwirana chanza, mpamba wa mayi wapita kale. Tsopano kwabwera AfCFTA, ndondomeko ya malonda ya maiko a mu Africa, yosainidwa ku Kigali mu 2018, malonda ake n'kutsegulidwa pa 1 January 2021. Msika wa Africa yense ndi mwayi weniweni kwa shuga wathu, simenti ndi soya. Koma ngati boda ya Mchinji yatikanika, Accra, kumene kuli likulu la AfCFTA, tikaitha?

Nanga inuyo mutani?

Chimene chinachotsedwa ndi msonkho wolowetsera katundu wopangidwa kapena kulimidwa m'maiko a pangano. VAT ndi ndalama za zilolezo zilipobe, ndipo mbewu ngati mpunga zimafuna chilolezo cha a zaulimi. Pa Mwami, boda ya Zambia ndi Malawi, pamene kuyambira mu December 2022 maofesi a mbali zonse ziwiri amagwirira pamodzi, funsani za STR, njira yachidule ya amalonda ang'onoang'ono a katundu wosaposa madola 2,000. Onani ngati mpunga uli pamndandanda wa katundu wovomerezeka, lembetsani kapepala kosonyeza kumene wachokera, ndipo ndalama iliyonse imene mwapereka, itanitsani lisiti.