Musawaletse bambo anu, koma muziwayang'ana manja

Kalata ya mlungu uno yachokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni. Bambo awo ndi dokotala wa mano wa zaka 69. Anapuma m'boma kalekale, koma m'mawa uliwonse amakatsegulabe kachipatala kawo. Funso la mayiyu ndi lakuti: n'chifukwa chiyani sakufuna kusiya, nanga ndiwaletse bwanji?

Achemwali, kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinaika foni pansi. Yandikumbutsa bambo anga.

Iwo sanali dokotala ayi. Anali telala, makina awo a Singer ali pakhonde la sitolo ku Ndirande kwa zaka zoposa 30. Nditayamba ntchito, ndinkachita manyazi kuwaona akupalasa makina, tepi ili m'khosi, choko kukhutu. Ndinkaopa kuti anthu aziti mwana wawo sawasamala. Ndinawakakamiza kusiya, ndipo makinawo ndinawakankha ndekha pa wilibala. Miyezi yoyamba ankadzukabe 5 koloko, kusamba, kuvala jekete, n'kukhala pampando panja maso ali kumsewu. Ankandifunsa ngati mayi uje anabwera kudzatenga yunifolomu ya mwana wake. Kenako mawu anayamba kuchepa, nsima n'kumangoitsina pang'ono. Ine ndinkati ndikuwapatsa mpumulo, chonsecho ndinawalanda anthu awo. Mpaka lero mtima umandiwawa.

Ndiye ndinene mosapsatira: musawaletse. Munthu amene bambo anu anamuzula dzino ali mwana, lero akubweretsa ana ake pampando womwewo. Amakhala pansi, kuyasamula, n'kulola jakisoni wa dzanzi kulowa m'nkhama popanda kufunsa zambiri. Chikhulupiriro chotere sachipeza atakhala pakhonde kunyumba. Palinso nkhani ya ndalama imene makolo sakonda kuuza ana. Penshoni ya munthu amene anapuma ali ndi zaka 60 ikugula chiyani lero, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023? Mpando wa mano uja, kompuresa ndi zitsulo zonse anaziitanitsa kunja ndi thukuta lawo. Akatseka, agula ndani?

Komanso tisaiwale dziko limene tikukhala. Mpaka 2019, Malawi analibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano a digiri. Aliyense ankakaphunzira kunja. Maphunzirowa anayamba chaka chimenecho ku College of Medicine konkuno ku Blantyre, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, ndipo pano ali pansi pa yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Nthawi imeneyo madokotala a mano sankakwana 50, kusamalira anthu oposa 17 miliyoni. Ntchito yambiri m'maboma imagwiridwa ndi ma dental therapist, anthu ophunzira za mano koma osafika pa udokotala. Ndiye mkulu amene wagwira zaka 40 akapachika gauni, dzenje lake silikwiririka msanga.

Ifenso odwala timawonjezera katundu. Dzino likayamba kuwawa timachukucha madzi amchere, kumwa Panado, kuikapo adyo. Timapita kuchipatala tsaya litatupa, pamene kumata sikungathekenso, kwangotsala kuzula. Ana tikuwapatsa maswiti ndi zoziziritsa kukhosi tsiku ndi tsiku, mswachi umodzi chaka chonse. Zimenezi zimandikwiyitsa kwambiri, chifukwa dzino lozulidwa la munthu wamkulu silimeranso.

Nanga muchite chiyani?

Ntchitoyi imadya msana, khosi ndi maso, chifukwa munthu amawerama tsiku lonse. Muziwayang'ana manja akanyamula kapu ya tiyi. Akayamba kunjenjemera, kapena maso akayamba kuchita chifunga, pamenepo nkhani yasintha, chifukwa pakamwa pa munthu sipoyeserera. Akayezetse maso, achepetse masiku, ndipo atenge wachinyamata wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira madokotala la Medical Council of Malawi azigwira naye limodzi.

Loweruka likubwerali mukapite kukachipatala kawoko. Musakayambe ndi nkhani yosiya ntchito. Kakhaleni kaye pabenchi pamodzi ndi odwala, mumve mmene akuwatchulira.