Kodi makina adzatiposa nzeru?

Achimwene, mwafunsa ngati makina a AI, makompyuta otsanzira nzeru za munthu aja, adzatipose anthufe, ine ndingati zikutengera kuti kuposa pa chani. Pa masewera anatiposa kalekale. Mu 1997 kompyuta ya IBM yotchedwa Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, amene anali katswiri wa chess padziko lonse, kenako mu 2016 pulogalamu ya AlphaGo ya kampani ya DeepMind inakwapula katswiri Lee Sedol 4-1 ku Seoul pa masewera a Go, oseweredwa ndi timiyala pa bolodi, omwe anthu ankati kompyuta singawathe msanga poti njira zosewerera ndi zosawerengeka. Apo palibe zokangana.

Koma izi za ChatGPT, pulogalamu yoyankha mafunso ngati ukucheza ndi munthu, zomwe zavuta kuyambira Novembala 2022 ndi nkhani ina. Iyo imangolosera liwu lotsatira potengera zolemba zambirimbiri zomwe inameza, nchifukwa chake imatha kukunamizani osaphethira, ngati munthu woti wangomva nkhani pa bawo koma akuifotokoza ngati analipo. Tayesani kuifunsa mwambi wa Chichewa muone, nthawi zina imangopeka wakewake, Chichewa pa intaneti nchochepa.

Ine mantha anga ali pa ntchito, omasulira, olemba makalata mmaofesi, oyankha mafoni a makasitomala, amenewo zitha kuwavuta. Zoti makina adzatilamulira ngati mmafilimu aaa ine sindinakhulupirirebe, komabe sindingaseke kwambiri chifukwa Geoffrey Hinton, mmodzi mwa omwe anayala maziko a zinthuzi, anasiya ntchito ku Google mu 2023 nkuyamba kuchenjeza kuti zitha kudzatiposa nzeru, ndipo mkulu ameneyo sikuti amayankhula za kumowa.