Za soya mwafunsa zija, achimwene

Eee achimwene, mwaswera bwanji ku Joniko? Kuno ku Mchinji tonse tili bwino, mayi akupereka moni. Ndamva funso lanu lija, loti mukatumiza ndalama tilime soya maekala awiri pamunda wa agogo uja, phindu lingakhalepo kapena ayi. Ndati ndingolankhula, kulemba kundichedwetsa.

Phindu lilipo, koma musawerengere m'makwacha. Mukukumbukira mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi? Bajeti yomwe munthu analemba mu Okutobala inangosanduka pepala. Ine ndimawerengera matumba a makilogalamu 50.

Ndiye taonani. Anthu ambiri kuno amapeza ngati tani imodzi pa hekitala, kutanthauza matumba 8 okha pa ekala. Pomwepo muchotsepo mbewu, ekala imodzi imadya makilogalamu 30 ndi kupitirira pang'ono. Muchotse aganyu opanga mizere, obzala, opalira kawiri, ozula, opuntha, opeta, matumba enieniwo, ngolo yotutira. Ife lendi ya munda tilibe, mwayi wathu ndi umenewo. Koma ndikawerengera mmene zimandiyendera ine, pa matumba 8 aja otsala m'manja ndi awiri kapena atatu. Mwavutikira chiyani pamenepo?

Ndalama ili pokweza zokolola pa ekala yomweyo, chifukwa waganyu wopalira amalipiritsa chimodzimodzi kaya soya wabereka kaya wakanika. Mbewu tigule yatsopano kwa ogulitsa ovomerezeka, Tikolore kapena Makwacha kapena Nasoko. Soya wobwezereza yemwe wagona m'nyumba yotentha samera bwino, mumangoona mipata m'mizere. Kenako inokyulanti, ngati Nitrofix uja, tizilombo tosaoneka ndi maso tothandiza mizu ya soya kupanga chonde. Kapaketi kake n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi thumba la feteleza, koma anthu amakanyozera. Timasakaniza ndi mbewu pamthunzi n'kubzala tsiku lomwelo, dzuwa likawomba tizilombo take timafa. Ndipo pamwamba pa mzere umodzi tibzale malayini awiri, osati layini imodzi ngati chimanga. Alangizi akhala akunena zimenezi mpaka kutopa. Tikatero matumba 15 pa ekala si maloto ayi, bola mvula ya Disembala tiyambe nayo.

Chimene chimandiopsa ine ndi chiwawu, matenda ogwira masamba a soya. Chaka cha namondwe Freddy, 2023, masamba anapsa soya asanakhwime, anthu anakolola timbewu tofwapa tosalemera pa sikelo. Ndiye ndalama ya mankhwala opopera ikhale pambali, isakhudzidwe. Komanso pokolola tisachedwe, soya akauma kwambiri amathetheka yekha m'munda, ndalama n'kumathera pansi nkhunda zikusangalala.

Tsopano nkhani ya mtengo, apa ndiye pamene ambiri amalirira. Boma limalengeza mitengo yoyambira chaka chilichonse nthawi yokolola, koma venda akafika pamudzi ndi sikelo yake mu Epulo, iwe uli ndi ngongole ya banki mkhonde, ana akufuna fizi, sutsutsa. Umagulitsa basi. Masikelo enanso, hmm, thumba lodzaza bwinobwino n'kukuuza kuti ndi makilogalamu 46. Soya yemweyo amapita ku makampani oyenga mafuta ophikira ndi opanga chakudya cha nkhuku ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo iwo amamufuna chaka chonse. Zaka zambiri mtengo umakwera cha mu Seputembala kupita m'tsogolo. Ubwino wake soya akauma bwino anankafumbwe samuvutitsa ngati chimanga, amasungika. Kulinso nkhokwe za ACE, bungwe loyendetsa msika wa zokolola, komwe umasungitsa soya n'kupatsidwa risiti, ngakhale kwa ife a maekala awiri tiyenera kuphatikizana ndi anzathu a kukalabu kuti thiransipoti ichepe. Dziwaninso kuti boma likaletsa kapena kuvutitsa zotumiza soya kunja, mtengo umagwa ngakhale wasunga, ndiye musadzandinene ine.

Pempho langa n'lakuti ndalamayo musatumize yonse kamodzi. Ya mbewu, inokyulanti ndi mizere ibwere mu Okutobala, ya kupalira ndi mankhwala mu Januwale, ya kukolola mu Epulo, kuti tisakakamizike kugulitsa msanga. Chaka chinacho pamalopo tidzabzala chimanga, chimachita bwino pamene panali soya.

Foni yatsala pang'ono kuzima, magetsi anapita m'mawa. Mundiuze ngati tiyambe kusaka aganyu. Alamu muwapatse moni.