Funsani Tikambirane: mamendulo, udokotala ndi madola a atsogoleri opuma

Mwezi uno makalata ambiri akhudza nkhani imodzi, ya ulemu umene atsogoleri a mayiko amapatsidwa akatsika pampando, nde ofanana ndangowaphatikiza kuti tisabwerezebwereze.

FUNSO: Akonzi, ndinamva kuti pali mkulu wina wolemera amene amapereka mamiliyoni kwa mapulezidenti a mu Africa akangochoka paudindo. Zoona zimenezi? Nanga si anthu amenewa amakhala kale ndi penshoni, nyumba, magalimoto ndi owalondera, nde kuwawonjezeranso ndalama n'kutani, osapatsa osauka bwanji? (Mphunzitsi wopuma)

YANKHO: Aphunzitsi, mwamva zoona koma si aliyense wochoka pampando amene amalandira ayi. Mkuluyo ndi Mo Ibrahim, wobadwira ku Sudan, amene analemera ndi kampani ya mafoni ya Celtel yomwe anaigulitsa mu 2005. Mphoto yake inayamba mu 2007 ndipo mmene anaikhazikitsira inali madola 5 miliyoni operekedwa pa zaka 10, kenako madola 200,000 chaka chilichonse mpaka imfa. Kuti ulandire uyenera kukhala kuti unalowa ndi mavoti, unalamulira nthawi imene malamulo a dziko lako amalola osawonjezera, unachoka m'zaka zitatu zapitazo, komanso komiti ikhutire kuti unasiya dziko lili bwino kusiyana ndi mmene unalipezera.

Woyamba anali Joaquim Chissano wa ku Mozambique, uja anatenga mpando Samora Machel atamwalira pa ngozi ya ndege mu 1986, n'kusaina mtendere ndi Renamo ku Rome mu 1992, ndipo nthawi itakwana anakana kuimanso ngakhale mpata unalipo. Mu 2008 anali Festus Mogae wa ku Botswana, amene ankatamandidwa kwambiri pa momwe analimbanirana ndi Edzi. Kenako Pedro Pires wa ku Cape Verde mu 2011, Hifikepunye Pohamba wa ku Namibia mu 2014, Ellen Johnson Sirleaf wa ku Liberia mu 2017 ndi Mahamadou Issoufou wa ku Niger mu 2020. Tawerengani zaka zimenezo muone mipata. 2009 palibe, 2010 palibe, 2012, 2013, 2015, 2016, 2018, 2019 komiti inkangobwera n'kunena kuti chaka chino sitinapeze woyenera, pomwe mapulezidenti opuma analipo ndithu. Ine kunena zoona zaka zopanda wopambanazo ndi zimene zimandipatsa chikhulupiriro pa mphoto imeneyi, ikanakhala yogawa chaka ndi chaka bwenzi itasanduka ngati mzere wolandirira malipiro.

Pa funso lanu la ndalama, ganizo la mwini wake linali loti mtsogoleri wa ku Ulaya kapena ku America akapuma amalemba mabuku, amalipidwa pokalankhula m'misonkhano, moyo umapitirira, pomwe wa mu Africa nthawi zambiri amaona ngati kunja kwa mpando kulibe chilichonse nde amakakamira. Koma apa ndimagwirizana nanu pang'ono aphunzitsi, chifukwa munthu amene watsimikiza kuba chuma cha boma madola 5 miliyoni sangamunyengerere, amenewo kwa iye n'zochepa. Amene amailandira ndi oti akanachoka mwamtendere ngakhale pakanapanda mphoto.

FUNSO: Ine chimandizunguza ndi ma Dr. awa. Munthu sitinamvepo kuti wapita kusukulu koma tangoona wavala mkanjo ndi kachipewa, mawa lake wailesi ikuti Dr. Uje. Kodi amalemba mayeso liti? (Wophunzira wa chaka chachitatu)

YANKHO: Kkkk salemba mayeso achemwali, musadzivutitse. Imeneyo ndi digiri yaulemu, pa Chilatini amati honoris causa, yunivesite imangokhala pansi n'kugwirizana kuti munthu uyu timulemekeze pa zimene wachita. Palibe kafukufuku, palibe kugona mochedwa ngati mukuchitira inumu. Mayunivesite ambiri amanena okha kuti wolandira asamadzitchule Dr. kunja kwa zochitika za yunivesiteyo, kungoti omuzungulira ndi amene amayamba kumuimbira, ndipo amene wasiya kutchula Dr. amaoneka ngati wamwano. Nelson Mandela analandira maulemu opitirira 250 pamoyo wake, madigiri aulemu ambirimbiri ali momwemo, koma dziko lonse linkangoti Mandela kapena Madiba basi. Angela Merkel wa ku Germany udokotala wake ndi wa m'kalasi, anaupeza mu 1986 pa kafukufuku wa sayansi asanalowe n'komwe ndale.

Ndipo sikuti yunivesite imangovomera nthawi zonse. Mu 1985 aphunzitsi a ku Oxford anavota 738 kwa 319 kukana kupatsa Margaret Thatcher wa ku Britain digiri yaulemu chifukwa boma lake linkadula ndalama za maphunziro, tangoganizani ali nduna yaikulu pampando, komanso iyeyo anaphunzira pa Oxford pomwepo.

FUNSO: Bambo mkonzi, tinakangana ndi amuna anga. Iwo akuti mendulo ukapatsidwa wapatsidwa, palibe angakulande, ine ndikuti amalanda. Tiweruzeni. (Mayi wa ana anayi)

YANKHO: Mayi, nonse mwakhoza koma inu mwakhoza kwambiri, abambowo muwauze mofatsa. Chitsanzo chosasowa ndi Robert Mugabe. Mu 1984 yunivesite ya Edinburgh inamupatsa digiri yaulemu, nthawi imeneyo akumuona ngati ngwazi ya ufulu ndi maphunziro, mu 2007 inamulanda, ikutchula za kuphedwa kwa anthu ku Matabeleland. Chodabwitsa n'choti anthuwo ankaphedwa zaka zomwezo zimene ankamuveka mkanjozo, nde funso limene ine ndimakhala nalo ndi loti kodi mu 1984 sankadziwa kapena sankafuna kudziwa? Mu 1994 Mfumukazi Elizabeth inamupatsa ulemu wa Order of the Bath, mu June 2008 pa nthawi ya ziwawa za chisankho chachibwereza zija zimene Morgan Tsvangirai anachita kutuluka mumpikisano, ulemuwo unachotsedwa. Mu October 2017 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linamusankha kukhala kazembe wake wa zabwino, anthu anakuwa dziko lonse kuti munthu amene iye mwini amakachizidwa ku Singapore zipatala za kwawo zili mbwee angakhale bwanji kazembe wa zaumoyo, sabata isanathe anabweza ganizolo. Ndiye mwezi wotsatira, November, bwalo la ndege la ku Harare linapatsidwa dzina lake, pasanathe masabata awiri asilikali anali atatuluka mumsewu ndipo pa 21 November anatula pansi udindo. Dzina la pabwalo la ndege lokha ndi limene linatsala.

Si iye yekha. Nicolae Ceaușescu wa ku Romania analandira ulemu wa ku Britain womwewo mu 1978, anamulanda mu December 1989 boma lake litagwa kale, atangotsala pang'ono kuomberedwa, apa nde kunali kuchedwa kwenikweni. Aung San Suu Kyi, yemwe anali mtsogoleri wa ku Myanmar, chifukwa chokhala chete pamene anthu a mtundu wa Rohingya m'dzikomo ankaphedwa ndi kuthamangitsidwa, mzinda wa Oxford unamulanda ulemu wake mu 2017, Canada inachotsa unzika waulemu mu 2018, Amnesty International nayonso inabweza mphoto yake chaka chomwecho.

Pamene amuna anu akhoza ndi pa Nobel. Malamulo ake salola kulanda, nde Suu Kyi ya 1991 ija adakali nayo. Abiy Ahmed wa ku Ethiopia analandira ya mtendere mu 2019 chifukwa chogwirizana ndi Eritrea, November 2020 nkhondo ya ku Tigray, chigawo cha dziko lake lomwelo, inayamba, anthu anadandaula koma mphotoyo sanamulande mpaka lero. Mukaona onsewa, ambiri anavekedwa ulemu adakali pampando kapena nkhani yawo isanathe, opereka anathamanga magazi, ndipo kawirikawiri boma likamaveka mendulo mtsogoleri wa dziko lina limakhala likusaka ubale kapena malonda, osati kuti lafufuza mtima wake.

FUNSO: Ndiye Mugabe anali Sir? Nanga Tony Blair bwanji anthu anakwiya atamupatsa? (Mnyamata wokonda mbiri)

YANKHO: Ayi achimwene, Mugabe sanali Sir. Munthu wa dziko limene mfumu ya ku Britain si mutu wake amapatsidwa ulemuwo ngati mlendo chabe, amaika zilembo kumapeto kwa dzina koma Sir satchulidwa. Koma Blair, nduna yaikulu yakale ya ku Britain, ndi Sir Tony, analowa mu Order of the Garter, gulu lakale kwambiri loyambitsidwa ndi Mfumu Edward III mu 1348, mamembala ake sapitirira 24 ndipo amasankha ndi mfumu kapena mfumukazi yokha popanda kufunsa boma. Zinalengezedwa kumapeto kwenikweni kwa 2021, patatha zaka 14 atachoka paudindo, ndipo anthu opitirira miliyoni imodzi anasaina pa intaneti kuti alandidwe chifukwa cha nkhondo ya ku Iraq ya 2003. Palibe chinasintha. Winston Churchill, nduna yaikulu ina yakale ya ku Britain, naye anapatsidwa Garter mu 1945 koma anakana chifukwa anali atangoluza chisankho, anadzalandira mu 1953 atabwerera pampando, chaka chomwe anapatanso Nobel, osati ya mtendere ngati mmene ambiri amaganizira koma ya zolembalemba.

FUNSO: Alipo amene analemekezedwa chifukwa cha zimene anachita atachoka kale, osati ali pampando? (Namwino)

YANKHO: Alipo anamwino, ndipo wake mumukonda chifukwa ndi wa ntchito yanu yomweyo. Jimmy Carter wa ku America analamulira teremu imodzi yokha, analuza kwa Ronald Reagan n'kuchoka mu January 1981 anthu ambiri akumuona ngati wolephera. Mu 1978 iye ndi amene anakhazika pansi Anwar Sadat wa ku Egypt ndi Menachem Begin wa ku Israel ku Camp David, awiriwo analandira Nobel chaka chomwecho iye osalandira. Mu 1982 anayambitsa Carter Center n'kuyamba kuyang'anira zisankho, kuyanjanitsa adani komanso kulimbana ndi matenda amene olemera sawalabadira, makamaka nyongolotsi ija ya Guinea worm imene imalowa kudzera m'madzi akumwa n'kudzatulukira pamwendo patatha pafupifupi chaka. Ilibe katemera ilibe mankhwala, ntchito yake ndi kusefa madzi ndi kuletsa wodwala kuviika mwendo pamene ena amatunga, mudzi ndi mudzi. Mu 1986 odwala ankayerekezedwa kuti anali 3.5 miliyoni, pofika 2023 anatsala 14 dziko lonse. Nobel yake inabwera mu 2002, patatha zaka 21 atatuluka mu White House, ndipo anapitirizabe ntchitoyo mpaka thupi litakana. Anamwalira pa 29 December 2024 ali ndi zaka 100, nyongolotsiyo itatsala m'mayiko ochepa chabe monga Chad ndi South Sudan.