Mwana akufuna unamwino, bambo ake akuopa matenda

Mayi wina wa ku Dedza walemba kuti mwana wake wamkazi wakhoza bwino MSCE ndipo mtima wake uli pa unamwino, koma bambo ake akukaniza. Akuti kusamalira odwala kolera ndi chifuwa chachikulu n'kudziitanira imfa. Mayiwo akufunsa kuti atsate za ndani.

Mayi, mantha a bambowo ndi omveka. Mliri wa kolera womwe unayambira ku Machinga mu 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo amene ankachezera m'matenti kuika madiripi anali anamwino. Komatu kolera amalowera pakamwa, choncho magolovesi ndi kusamba m'manja ndi madzi a klorini zimateteza kwambiri. Chifuwa chachikulu n'chimene chimayenda mumpweya. N'chifukwa chake mawindo a kuwodi amakhala otsekula ngakhale m'nyengo yozizira, ndipo wodwala akayamba kumwa mankhwala oyenera, pakapita masabata ochepa mphamvu yopatsira ena imachepa kwambiri. Namwino akadzibaya mwangozi ndi singano yomwe wabayira wodwala, pali mankhwala a PEP oteteza ku HIV, oyamba kumwa pasanathe maola 72 n'kupitiriza masiku 28. Mwanayo alandirenso katemera wa matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B asanayambe maphunziro a m'wodi. Sindikubisirani, magolovesi nthawi zina amasowa m'zipatala zathu, ndipo ayenera kuphunzira kuwafunsa mopanda mantha.

Za sukulu n'zachidule. Pali Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), Mzuzu University, Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a CHAM (bungwe la zipatala za mipingo) monga Nkhoma, Ekwendeni ndi Malamulo. Amayang'ana kwambiri Chingerezi, masamu ndi sayansi. Musanalipire fizi kulikonse, funsani kaye ku bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba la Nurses and Midwives Council of Malawi ngati sukuluyo ndi yovomerezeka. Ntchito siibwera msanga kwa aliyense, makamaka chichokereni 2025 pomwe boma la America linadula thandizo lambiri la zaumoyo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine kuposa majeremusi ndi pakamwa, ndiko kuti kuulula zinsinsi za odwala. Mwana wanu akadzamutumiza pachipatala cha kufupi ndi kwanu, adzatsekula kabuku ka kuchipatala ka mkazi wa amalume ake n'kuona kuti ali pa ma ARV. Adzadziwa za mkulu wa mpingo, za mtsikana wa Fomu 2 amene wabwera yekha mobisa ndi matenda opatsirana pogonana. Madzulo pa nsima wina adzafunsa kuti, "Kodi a uje aja akuwonda chonchi, n'chiyani? Iwe ukudziwa." Wofunsayo kawirikawiri amakhala mayi ake omubereka.

Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo namwino woulula atha kulangidwa ndi bungwe la anamwino mpaka kulandidwa chiphaso. Koma chilango si nkhani yaikulu. Munthu akangomva kuti za iye zafika kumsika, amasiya kubwera kudzatenga mankhwala, kapena amapita chipatala chakutali komwe ndalama ya thiransipoti imamuthera panjira. Akadukiza, kachilombo kamachulukanso m'thupi, mankhwala atha kusiya kugwira ntchito, ndipo mkazi wake ndi khanda lomwe likuyamwa amalowa m'mavuto. Chithunzi chimodzi cha wodwala chotumizidwa pa WhatsApp chimawononga chimodzimodzi.

Pali nthawi zovuta zedi, monga mwamuna akamakana kuuza mkazi wake. Apo namwino sathamangira kukaulula yekha, komanso sangokhala chete. Amamulangiza mwamunayo mobwerezabwereza, amamupempha abwere ndi mkaziyo adzayezetse limodzi, ndipo zikakanika amatengera nkhaniyo kwa akuluakulu a chipatala kuti itsate ndondomeko. Ntchito imeneyi imafuna munthu wodekha.

Choncho mufunseni mwanayo ngati angathe kusunga nkhani ya munthu ngakhale kwa inu amene. Inunso mudzifunse ngati mudzapirire akadzakuyankhani kuti, "Amayi, zimenezo sindinganene." Ngati nonse mwavomera, mutengeni pamodzi ndi bambo ake mukacheze ndi namwino wamkulu wa pachipatala chapafupi, bambowo akafunse okha zonse zomwe zikuwaopsa.